Ndinkalankhulira Anthu a pa Nsalu

Akazi anga anasiya kulankhula m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Ankayanika zovala kuseri kwa nyumba yathu ku Chiputula, ine ndili pakhonde, kenako ndinamva beseni likugwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Potuluka, mkono ndi mwendo wa kumanja zinali zitafooka, pakamwa patapotoka pang'ono, ndipo mawu onse anali atapita. Chinatsala ndi kaphokoso kamodzi ka kukhosi, kamene amatulutsa akafuna madzi, akamva ululu, ngakhalenso akaseka.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, amagwira ntchito ku Blantyre. Patapita miyezi anatenga tchuthi nabwera, ndipo sanachedwe kunena chimene anadzera. Anakhala pamphepete pa bedi, nagwira dzanja labwino la mayi ake.

"Amama, tiyeni tipitire limodzi. Chipatala cha mafizo chili pafupi ndi nyumba yanga, ndipo ndili ndi munthu wothandiza masana. Mukapeza bwino ndidzakubwezani."

Mayi akewo anamuyang'ana, kenako anatembenuzira maso kwa ine.

"Akuti sapita," ndinatero. "Akuti kumeneko kumatentha, ndiponso nkhuku zawo asiyira ndani?"

"Adada, zonsezo mwazimva pati?"

"Pankhope."

"Ndi nkhuku zomwe zili pankhope?"

"Iwe unachoka pano kalekale. Ine ndimagona nawo, ndimadzuka nawo."

Anapukusa mutu. "Mwayamba kanema wanu uja," anatero, natuluka kukatereka madzi.

Kanema amene mwanayo ankanena inali ntchito yanga yoyamba imene ndinaikonda. Ana anga amaidziwa ngati nthabwala ya pabanja. Kwa ine si nthabwala kwenikweni.

Nthawi imeneyo Mzuzu unali kamzinda ka msewu umodzi wa masitolo, matope ofiira, ndi nkhalango yoyambira kuseri kwa nyumba. Bambo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito pa esiteti ya mitengo ya tung, ndipo ine ndinakulira kutola mtedza wa mitengoyo anzanga akupita kusukulu. Nditakula ndinalowa ntchito yonyamula matumba pa sitolo ya Msilamu wina wa ku Mangochi. Munthuyu ankakonda kugula zinthu zimene ena akuzitaya. Mzungu wina wa pa esiteti akubwerera kwawo, anamugulitsa makina oonetsera kanema pamodzi ndi mulu wa zitini zozungulira, zafulati, zochita dzimbiri m'mphepete. M'zitinimo munali mafilimu a ku Amereka, akale zedi, opangidwa makina asanaphunzire kugwira mawu.

Tinasesa chipinda chosungira katundu kuseri kwa sitolo, tinatseka mawindo ndi masaka, tinapachika nsalu yoyera ya pabedi. Kanema ankayamba Loweruka masana, ndipo ankayenera kutha nthawi ya swala, mapemphero a mwini sitolo, isanakwane.

Tsiku loyamba anthu anadzaza. Kuwala kutagwa pa nsalu kunati zii. Tinaona msewu, magalimoto aatali ngati ngolo, azungu oyenda mothamanga ngati apsa kumapazi. Bambo wina wonenepa anayamba kukangana ndi wapolisi, milomo ikugwedera, manja akuuluka. Chimene chinkamveka ndi makina okha, tatatata.

"Bwana, kwezani mawu!" wina anakuwa.

"Mulibe mawu," anayankha mwini sitolo.

"Ndiye azunguwa onse ndi osalankhula?"

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuimirira. Ine ndinali kumbuyo, nditakhala pa thumba la mchere. Wonenepa uja ataloza mbuzi imene inaima pambali pake, pakamwa panga panangotseguka pokha. "Ine yayi, bwana, mbuzi ndiyo yayamba!" Chipinda chonse chinaphulika. Amene anali pakhomo anabwerera. Mwini sitolo anaimitsa makina, nasuzumira mumdima kufuna amene walankhula.

"Iwe, bwera kutsogolo kuno. Matumba udzanyamula Lolemba."

Umo ndi momwe ndinakhalira pakamwa pa anthu a pa nsalu. Ndinkaima pambali, ndodo m'manja, ndi kulankhulira aliyense: wapolisi ndi mawu aakulu m'Chichewa, wakuba m'Chitumbuka, nkhalamba ndi mawu onjenjemera, ngakhale galu ndinkamupatsa maganizo ake. Ntchitoyi inali ndi malamulo ake amene ndinawapeza ndekha. Uyambe kulankhula munthu asanatseke pakamwa, chifukwa ukachedwa anthu amaona kuti mawu ndi ako. Usayang'ane milomo, uyang'ane nsidze ndi manja. Ndipo lalikulu: usasiye chete. Ukangokhala chete pang'ono, anthu amamva makina, amakumbuka kuti akhala m'chipinda chonunkha usipa ndi palafini, amayamba kuyang'ana kukhomo.

Mayina a anthuwo sitinkawadziwa. Nkhope zawo zinali zoyera ngati zapakidwa ufa, milomo yakuda, maso ozunguliridwa ndi makala. Ankadziwa kuti palibe amene adzawamve, ndiye ankathandiza ndi thupi lonse. Wachisoni ankagwira pachifuwa, wamantha ankaluma zala, woipa mtima ankapotokola ndevu zake. Amuna sankandivuta konse. Zitini nazo zinabwera zosakwanira: chiyambi cha nkhani ina, pakati pa ina, mapeto a inanso. Ndinkazilumikiza ndi pakamwa. Munthu akafa m'chitini chimodzi n'kuonekanso wamoyo m'china, ndinkangoti ndi mapasa, ndipo palibe ankadandaula.

Panalinso china. Nthawi ndi nthawi chithunzi chinkachoka, pa nsalu n'kubwera mdima ndi malemba oyera a Chingerezi. Ine sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ndinkaloza malembawo ndi ndodo, kuyendetsa pang'onopang'ono ngati mphunzitsi, ndi kunena chilichonse chimene ndaganiza. Ambiri m'chipindamo anali ngati ine ndemwe. Ochepa odziwa kuwerenga ankakhala akuseka kale, analibe nazo ntchito.

Mwa anthu onse a m'zitinimo, mmodzi yekha ndi amene ankandisowetsa mtendere. Anali mtsikana wochepa thupi, wa kamwa kakang'ono ndi maso aakulu, ndipo ankapezeka m'zitini zingapo. Amayi a pamsika anamutcha Nyamaso. Iyeyu sankaponya manja ngati anzake. Ankangoima, osagwedezeka, makina n'kubweretsa nkhope yake pafupi mpaka kudzaza nsalu yonse. Ukamuyang'ana bwino sunkadziwa ngati akufuna kulira kapena akuwerengera njira yothawira. Pankhope yotero ukhoza kuikapo mawu alionse, amakhala.

Chitini chake chimene anthu ankachipempha kwambiri chinali cha pa siteshoni ya sitima. Nyamaso waima, sitima ikutulutsa utsi kumbuyo kwake. Mnyamata wina wagwira chikwama chake, akumuchonderera. Iye akuyang'ana sitima, akuyang'ana mnyamata, milomo ikugwedera pang'ono. Kenako malemba oyera. Apo ndinkachepetsa mawu, kugwira pamtima, ndi kunena kuti, "Sindipita. Sitima ipite yokha. Ine ndifera pomwe uli iwe." Amayi ankaimba nthungululu. Filimu inkathera pomwepo, mchira wake n'kumamenya makina, ndipo chitini chotsatira sitinali nacho. Mzuzu yense ankadziwa kuti Nyamaso anatsala.

Loweruka lina, anthu akutuluka ine ndikupinda nsalu, mtsikana wina anatsalira pakhomo. Anali wa ku Lupaso, wovala diresi ya buluu yosita bwino, ndipo ndinali nditamuonapo akukhala pa benchi ya kutsogolo osaseka.

"Mwatandala uli, a kanema," anatero.

"Natandala makora. Mwasangalala?"

"Utesi," anatero, nabwereza m'Chichewa kuti ndisanamizire kusamva. "Bodza. Nyamaso sananene zimenezo pa siteshoni paja."

"Inu munamumva?"

"Ndinawerenga. Akuti, ndipatse chikwama changa."

Ndinaseka kuti ndibise manyazi. "Chikwama? Anthu asiye ntchito zawo kudzamva za chikwama?"

"Ndiye mwamukwatitsa mwana wa eni ake asakufuna."

"Akanakhala kuti sakufuna akanakana."

"Akana bwanji inu muli pakamwa pake?"

Anachoka. Loweruka lotsatira anabweranso, nakhala pamalo pomwe paja, pafupi ndi pamene ndinkaima. Malemba akabwera ine n'kunama, ankandimenya pabondo ndi chikhatho, mosaonetsera. Bondo langa linavutika miyezi yambiri. Nthawi zina kanema akatha ankandiuza zimene malemba ananena, ndipo ndinkadabwa kuti zinali zazifupi ndi zouma. Wonenepa uja sankanena za mbuzi. Nkhalamba imene ndinkaisandutsa mfiti inali mayi wa mnyamata. Ndinkamvetsera, koma Loweruka likafika ndinkanena zanga zomwe zija, chifukwa zanga ndi zimene zinkabweretsa nthungululu. Mtsikana ameneyo ndi amene anagwetsa beseni kuseri kwa nyumba ku Chiputula.

Akazi angawa anali atamaliza sukulu ya mishoni, ndipo anali ndi mutu. Titakwatirana, mwana woyamba ali wakhanda, kunyumba kwathu kunabwera mayi wina amene anawaphunzitsapo. Anati kwapezeka malo ophunzirira uphunzitsi, ndipo mwana akhoza kutsala ndi agogo ake. Anawafunsa ngati angapite. Iwo anakhala pamphasa akuyang'ana pansi, monga mkazi ankachitira pamaso pa mlendo ndi mwamuna wake. Kunali chete, ndipo ine chete sindinkamupirira. Ndinayankha ine, kuti sapita. Mayi uja anamwa tiyi wake, natsazika. Akazi anga sanainenepo nkhaniyi mpaka lero, ndipo tsopano sangathenso kuinena. Iwo omwewo ndi amene anadzandiphunzitsa zilembo patebulo, ndili kale ndi ana atatu, asananditumize kusukulu ya akuluakulu kumene ndinali mwamuna ndekha pakati pa amayi.

Kanema wathu anafa imfa yosalira maliro. Kunabwera mafilimu olankhula okha, a nkhonya ndi mfuti, ndipo anthu anathamangira kumeneko. Mafilimu athu anayamba kununkha ngati viniga m'zitini, kumatirirana, kuduka. Mwini sitolo anabwerera kwawo atakalamba. Ine ndinalowa malonda a matabwa, ndipo ndinakhala m'menemo mpaka msana utakana. Koma pakamwa sipanapume. Mlendo akafunsa akazi anga funso, nthawi zambiri yankho linkatuluka mwa ine iwo akadali kuganiza. Ankangondiyang'ana. Masiku ena, tili awiri, ankandimenya pabondo.

Choncho atadwala, ine ndinali wokonzeka kuposa mwamuna aliyense mu Chiputula. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuwalankhulira. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzazonda, ndinkakhala kumutu kwa bedi.

"Akuti yewo chomene, mwachita bwino kubwera. Akuti nyimbo ija muyambirenso, mwaitsitsa kwambiri."

Amayiwo ankaseka mpaka kupukuta misozi. "Adada awa! Mulungu anakupatsani mphatso."

Vuto ndi loti nthawi zambiri ndinkalondola. Nsidze ya kumanzere ikakwera, tiyi wachepa shuga. Akakanda bulangete ndi chala, akufuna kutembenuzidwa. Akayang'ana kudenga nthawi yaitali, mlendo wakhalitsa. Zimenezi ndinkazidziwa ndithu, si zopeka. Ndiye munthu ukalondola pa tiyi ndi bulangete, umayamba kukhulupirira kuti ukulondolanso pa zazikulu.

Za ku Blantyre sindinkadziwa. Ndikulemba momwe zinalili. Ndinayang'ana nkhope yawo tsiku lija mwana atafunsa, ndipo sindinapezepo kanthu, inde kapena ayi. Chimene ndinkadziwa ndi cha ine mwini. Ndinkaopa nyumba yopanda kaphokoso ka kukhosi kaja. Ndinkaopa kuti akakafera kutali, ndidzangolandira bokosi. Ndinkaopanso kuti kumeneko akachira, mawu akabwerera, adzayamba kulankhula ndi anthu ena ine kulibe.

Tsiku lachiwiri mwanayo anawasambitsa yekha mayi ake. Atatuluka kubafa anandipeza ndikuwaza nkhuni.

"Adada, chipsera cha pantchafu chija n'chiyani?"

"Anagunda bedi."

"Bedi?"

Ndinaika nkhwangwa pansi. Ndinamuuza kuti tinagwa tonse awiri pakhomo la bafa, msana utandigwira ndili nditawanyamula. Tinakhala pansi pa simenti yonyowa mpaka mayi woyandikana nafe atamva ndikuitana.

"Ndipo simunandiuze."

"Anati ndisakuuze."

Anandiyang'ana, ndipo ine ndemwe ndinamva mmene mawuwo anamvekera. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Ine sindiwatenga mokakamiza," anatero. "Ndi mayi anga, si katundu. Koma ndisanabwerere ndikufuna ndimve kwa iwo. Ndikawafunsa amayang'ana inu, inu n'kuyankha. Kodi amamva zonse kapena ayi, ine sindikudziwanso. A dokotala anati mwina amamva, mwina zina zimawadutsa."

"Amamva zimene ine ndawauza."

"Eya, ndi zimenezo," anatero, nanyamula nkhuni.

Masiku otsatira tinkayendana m'mbali. Kunja kunkagwa kamvula ka Mzuzu kosatha kaja, kopanda mabingu, kongonyowetsa makoma. Masana ena, pofuna kuchotsa kuzizira kumene kunali pakati pathu, mwanayo anati, "Adada, mukudziwa kuti azungu anu aja ali m'foni?"

Sindinakhulupirire. Anasakasaka, natsamiritsa foni pa botolo la tiyi patsogolo pa mayi ake, tonse atatu titapanikizana pabedi. Ndipo anali pomwepo, aang'ono ngati nyerere, akuyenda mothamanga muja. Mwanayo anandiwerengera zina zimene zinalembedwa pansi pake: kuti anthuwa anali otchuka dziko lonse m'nthawi yawo, kuti pamene mafilimu olankhula anabwera ambiri a iwo ntchito inawathera, kuti mafilimu ochuluka a nthawi imeneyo anapsa kapena kuwola ndipo palibe adzawaonenso. Ndinamva chisoni chachilendo. Pamene ine ndinkawalankhulira kuseri kwa sitolo, iwo anali kale nkhalamba zoiwalika kwawo, ena ali m'manda.

Ndinamupempha kuti apeze Nyamaso. Popanda dzina zinavuta. Anandionetsa atsikana angapo, onse a maso aakulu ndi kamwa kakang'ono. Aliyense ndinkati ndi yemweyo, kenako ndinkakayika. Za pa siteshoni ya sitima sitinazipeze. Tinangosankha filimu ina ya mtsikana wofanana naye, ali m'khitchini ndi bambo wina wa ndevu.

Sindinaganize zoyamba. Zinangoyamba zokha. Wandevu atatsegula pakamwa, mawu aakulu aja anatuluka mwa ine ngati ndinawasiya dzulo. "Mkazi iwe, ndiwo zanga za dzulo zapita kuti?" Mwana wathu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo akazi anga anatulutsa kaphokoso kawo, mbali imodzi ya pakamwa itakwera. Sindinawaone akuseka chotero chidwalire. Ndinalimbikira. Ndinapatsa mawu mphaka, ndinapatsa mawu ketulo.

Kenako mdima ndi malemba oyera. Tsopano ndimawerenga, ngakhale Chingerezi pang'ono, koma mochedwa, ndipo malembawo anali aang'ono. Ndisanafike pakati anali atatsala pang'ono kuchoka. Ndinachita zimene ndinkachita kale. Ndinachepetsa mawu ndi kunena kuti, "Ndikhululukireni bambo, sindidzachitanso."

Chikhatho chinagwa pabondo langa. Pha!

Chinali cha kumanzere, chopanda mphamvu ngati kale, koma pamalo pomwe paja. Ndinatembenuka. Akazi anga sankayang'ana ine, ankayang'ana foni, nsidze zitakumana.

Mwanayo anabweza filimu pang'ono, naimitsa pa malembawo, nawerenga chamumtima. Kenako anayang'ana mayi ake nthawi yaitali.

"Amama, mwawerenga?"

Kaphokoso ka kukhosi.

"Mtsikanayu sakupepesa eti? Akumuuza kuti aphike yekha."

Kaphokoso kenanso, ndipo chikhatho chinandimenyanso kachiwiri, mopepuka, ngati chongotsindika.

Mwanayo anazimitsa foni. Nane ndinazindikira zimene iye anazindikira. Munthu amene akutha kuwerenga Chingerezi chothamanga pa kafoni ndi kugwira bodza, wakhala akumva chilichonse. Anamva za nkhuku. Anamva za kutentha kwa ku Blantyre. Anamva zonse zimene ndinauza amayi a kutchalitchi m'dzina lawo, miyezi yonseyi, dzanja lawo labwino lili kumbali ya khoma kumene ine sindinkakhala.

"Adada, tatulukani pang'ono."

"Ndikhala."

"Adada."

"Ndikhala, koma sindilankhula. Ndikalankhula undithamangitse."

Anaganiza, kenako anavomera. Ndinachoka pabedi ndi kukakhala pampando wa pakona, manja nditawapana pakati pa mawondo. Mwanayo anagwada kuti nkhope yake ifanane ndi ya mayi ake.

"Amama, palibe akukuthamangitsani. Mukafuna kutsala, ndipeza munthu woti azithandiza adada kuno. Mukafuna tipite, tipita. Ndionetseni inu."

Akazi anga anatembenuzira maso kwa ine, monga mwa masiku onse. Ndinayang'ana pansi.

Sindinadziwe kuti chete amalemera chotero. Ndinamva madontho akugwa m'ndowa pakhonde. Ndinamva njinga yamoto ikuvutika ndi matope kumsewu, ndi wailesi ya oyandikana nafe. Mawu anali atadzaza kale m'kamwa mwanga, okonzeka, abwino, oti mwanayo akanalira nawo. Thupi langa lonse linkandiuza kuti anthu akutuluka, yamba msanga. Ndinaluma mkati mwa tsaya mpaka ndinamva kukoma kwa magazi.

Nditadzutsa mutu, anali asakundiyang'ananso. Ankayang'ana dzanja lawo lakufa lija, litagona pabulangete. Analinyamula ndi linzake, naliyang'ana, naliika pansi. Anayang'ana kuwindo. Nkhope inali yosagwedezeka, ndipo ine amene ndimati ndimaidziwa sindinawerengepo kalikonse. Kenako dzanja la kumanzere linakwera pang'onopang'ono, chala chinatambasuka, ndipo chinaloza pamwamba pa kabati ya zovala. Pamenepo pamakhala sutikesi yawo yakale.

"Tipite?" anafunsa mwanayo.

Anagwedeza mutu kamodzi, momveka.

Palibe anandiyang'ana, ndipo ndinathokoza. Ndinaimirira, ndinakwera pampando ngakhale msana unkakana, ndinatsitsa sutikesiyo ndi kuipukuta fumbi ndi mkono wa juzi. Nditaiika pabedi, akazi anga anagwira juzi langa chapamkono. Anagwira zolimba, osakoka, osakankha. Maso awo anali pa ine, aakulu, onyowa pang'ono, koma maso awo amanyowa kawirikawiri chidwalire.

Mwina ankati tipitire limodzi. Mwina ankatsazika. Mwina ankati pepani, kapena ankafuna kuti ine ndinene pepani, pa za tsiku limenelo kapena za kale lija. Zonsezi zikanakhala pankhope imeneyo. Mwana wathu, amene sabata yonse ankandiletsa, anatembenukira kwa ine mosaganiza.

"Akuti chiyani, Adada?"

"Sindikudziwa," ndinatero.

Anawafunsa yekha ngati akufuna kuti ine ndipite nawo. Koma anali atatopa. Anasiya juzi, natseka maso. M'mawa mwake anafunsanso, ndipo iwo anangoyang'ana ine, nayang'ana pakhomo, osagwedeza mutu mbali iliyonse. Mwanayo anati ndikwere basi, malo alipo. Ndinakana. Ndinati ndibwera akadzandiitana okha, m'njira iliyonse imene angathe. Anati ndine wouma mutu. Mwina ndi zoona. Koma ndinaona kuti ndikakhala nawo m'chipinda cha mafizo, namwino akadzafunsa kuti pakupweteka ndi pati, ndidzayankha ndine.

Ananyamuka kukuchita nkhungu. Ndinawanyamula ndi mnyamata wa galimoto kuwakhazika kumbuyo, ndinawafunditsa miyendo. Galimoto itakhota pa chigayo ndinalowa m'nyumba ndi kupeza makapu awiri nditawatulutsa kale.

Nkhuku zilipo, ndikuzisamala. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi mwanayo amaimba foni ya zithunzi, ndipo mayi woyandikana nafe anandiphunzitsa podina. Nkhope ya akazi anga imabwera, yaing'ono, nthawi zina yoima osagwedezeka netiweki ikavuta. Mwanayo akuti ayamba kuima atagwira chitsulo. Mawu sanabwerere, ndipo a dokotala salonjeza. Sanandiitanebe. Sabata zina ndimaganiza kuti akudikira kuti ndifunse, sabata zina ndimaganiza kuti akupuma.

Ndimawapatsa moni. Ndimawauza za mvula, za amene wamwalira, za nkhuku yaikira pansi pa kabati. Kenako ndimafunsa funso limodzi, lalifupi, ndi kutseka pakamwa. Iwo amandiyang'ana. Ndimagwira foni ndi manja onse awiri, mkono n'kuyamba kutopa, ndipo ndimadikira.